Batire Lomwe Linagona Pamaliro

Nkhaniyi sindinaimve pa bawo kapena mu minibasi ayi, inandichitikira ine ndemwe amene ndikulemba pano, ndipo njinga yake ilipo mpaka lero, ili kuseri kwa nkhokwe yanga, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando wake, amene akuganiza kuti ndikunama abwere adzaione ndi maso ake. Maina sinditchula, osati poopa munthu, ine kuopa ndinasiya, koma mwana wanga ali moyo ndipo analira kale mokwanira. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndiye mukaona chilembo chapendama musandiseke, mvetserani nkhaniyo basi.

Ine ndinali wa kabaza m'mapiri athu ano a m'malire mwa Dowa ndi Ntchisi, kumene msewu sudziwa kugona pansi, ukatsika pang'ono wayambanso kukwera, ndipo nditapalasa anthu ndi matumba awo zaka zambirimbiri mawondo anga anafika poti m'mawa ndinkachita kuwanyengerera kuti andidzutse. Ndiye chaka china fodya atandikomera ndinatsikira pa Mponela kukagula njinga ya batire, zija zosalira zija, zokhala ndi mpando wautali ndi timapedulo tating'ono ngati ta mwana. Anandigulitsa bambo wina woonda, wa jekete lonyezimira, pakamwa pothamanga kuposa njinga yakeyo. Anatsegula pansi pa mpando n'kundionetsa mabatire anayi omangidwa pamodzi ndi mawaya, akuti lililonse ndi la mavoluti 12, onse pamodzi 48, akuti mavolutiwo ndiye mphamvu imene imakankha mota, akachuluka njinga imathamanga, akuti ukatchaja kamodzi umachoka pa Mponela pomwepo kukafika ku Lilongwe osatsikapo. Ndinamufunsa za mapiri, iye n'kuseka, akuti achimwene, iyi phiri imaliona ngati mzere wa mbatata. Kenako anaikwera kundionetsa, pa tala, posalala, dzuwa likutentha, yekhayekha, munthu woti mphepo itha kumunyamula. Nanga ikanalephera bwanji kuthamanga?

Zimene sanandiuze ndinazidziwira pamsewu. Kuno kwathu njinga ija sinkafika ndi theka lomwe la ulendo umene ankanenawo. M'mawa ikangochoka potchaja inkanyamuka ngati yalumidwa ndi mavu, koma pofika masana, moto ukamatsika, inkayamba ulesi, iwe ukupotokola chogwirira mpaka kumapeto iyo ikungoyenda ngati mwana amene akumukakamiza kupita kusukulu. Ukanyamula mayi wonenepa ndi thumba lake la chimanga, moto umatha msanga. Ukalowa mumchenga wa kudambo, umatha msanga. Thayala likaphwa pang'ono, mphepo ya mwera ikakuwomba kumaso, kapena kukazizira mwezi wa Juni, chimodzimodzi, mabatire amene aja ali ngati nkhalamba, chisanu sagwirizana nacho. Chitunda ndiye musanene, chitunda chimodzi chimamwa moto woti pa tala ukanayendera mtunda wautali. Zonsezi ndinazizolowera, ndinkadziwa kuti phiri ili limadya chonchi, ilo limadya chonchi, ndipo pa handulo panali timagetsi tinayi tondiuza moto wotsala. Ine timagetsi timeneto ndinkatikhulupirira kuposa munthu, ndipo kumeneko ndiye kunali kupusa kwanga.

Pamudzi ankaitcha kuti mfiti, chifukwa inkangotulukira kumbuyo kwa munthu osamveka, amayi ochokera ku mjigo ankachita kudumpha n'kutaya ndowa akunditukwana, koma akadwala kapena akachedwa kumsika, mfiti yomweyo ndi imene ankabwera kudzaigogodera.

Tsono mudziwe kuti ine pamudzi pano ndine mkamwini, ndinabwera kudzakwatira, ndipo ngakhale imvi zandimerera pompano, ngakhale ndamanga nyumba ya malata ndi manja angawa, akafuna kundikumbutsa amandikumbutsa kuti kwathu si kuno. Amene amakonda kundikumbutsa ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, mwini mbumba, munthu woti chake palibe ngakhale nkhuku koma kulamula ngati bwana wa esiteti.

Zaka zingapo zapitazo, mwezi wa Juni womwewo, kunagwa maliro a amalume awo a mkazi wanga. Madzulo ake dzuwa lisanalowe mlamu uja anandipeza ndikuwaza nkhuni za pamaliropo, akuti alamu, a kwaya abwera ndi masipika awo koma batire lawo lafa, sola sinatchaje ndi mitamboyi, ndiye tibwerekeni limodzi la mu mfiti yanuyo. Ine ndinakana, ndinati mabatirewa amagwira ntchito pamodzi, chigulireni sindinawalekanitsepo. Iye n'kukweza mawu dala kuti amayi ophika amve, akuti taonani mkamwini wathu, zaka zonsezi akudya za m'munda wa malemuwa, lero batire limodzi lamukulira, akuti muli nawo anayi alamu, atatu enawo muwaphika? Anthu anaseka, pamaliro pomwepo. Mkazi wanga anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti bambo a ana, chonde, musandichititse manyazi pamaliro a amalume. Inu a m'tauni mwina simungamvetse, koma kuno pamaliro sukana kanthu, akafuna khasu umapereka, akafuna chitseko cha nyumba yako kuti akhomere bokosi umazula wekha, ukakana, tsiku lako likadzafika adzakusiya nawo wekha malirowo. Ndinatenga sipanala, ndinamasula batire limodzi, ndinapereka.

Linaimba mpaka kucha, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti si masipika okha ayi, mudzi wonse unatchajirapo mafoni, ena mpaka anayatsirapo babu kophikira. M'mawa mlamu uja anabwera nalo atalisenza paphewa, akuti nali alamu, sitinalivutitse, likadali ndi moto wambiri, mwaona simunafe. Ndinalibwezera m'malo mwake, ndinamanga mawaya, ndinapotokola kiyi, timagetsi titatu n'kuyaka, kamodzi kokha ndi kamene kanazima. Ndiye mutu wanga wa sitandade folo unawerenga motere: mabatire atatu ndi odzadza, limodzi latopa, timagetsi tayaka titatu, zikugwirizana, moto ulipo. Kotchajira kunali kutali, kuchigayo cha kutsidya, ndipo mkamwini sachoka pamaliro a apongozi ake n'kumati ndikukatchaja njinga, ndiye ndinati ndikatchaja tikaika maliro. Kodi inuyo mukanawerenga mosiyana?

Mwana wanga woyamba, wamkazi, nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yake yoyamba, mwamuna wake ali ku Joni kokasaka, ndiye ankakhala nafe. Tinali titagula kale beseni latsopano ndi zitenje, ndipo tinapangana kuti mwezi wotsatira ndikamusiye kuchidikiro, ku chipatala cha mishoni kuseri kwa phiri lalikulu, azikadikirira tsiku lake konko. M'mawa womwewo, adzukulu ali kumanda akukumba, ine nditakhala pansi pa mtengo ndi amuna anzanga, ndinaona mkazi wanga akubwera chothamanga, mpango uli m'manja, ndipo mkazi wanga sathamanga. Anandiitanira pambali, akuti mwana akutaya magazi, osati pang'ono.

Panali ngolo ya aneba, ng'ombe zili m'khola, koma ngolo sikwera phiri lija, imazungulira kudambo, tikanafika dzuwa litadutsa pamutu. Njinga yamoto ya petulo pamudzi inalipo imodzi, mlamu yemwe uja anali ataituma kukagula nsalu ya bokosi. Ndinati ndimutenga ine. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kundifunsa funso limodzi, akuti kodi bambo, ili ndi moto njingayi, poti batire lija laimba usiku wonse? Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamukalipira. Ndinati iwe za njinga ukudziwapo chiyani, ndiwe unayamba kundikoka malaya dzulo, tenga katundu tizipita. Ulendo umenewo ndinali nditaupitapo ndekha, kupita ndi kubwera osatchajanso, ndiye kupita kokha kukanandivuta bwanji?

Koma tsiku limenelo sindinali ndekha. Wodwala sapita yekha kuchipatala, pamafunika womudikirira, ndiponso mwanayo sakanatha kudzigwira, ndiye tinamukhazika pakati, mayi ake kumbuyo atamukumbatira, kutsogolo ndinamangirira beseni lija muli zitenje, kathumba ka ufa ndi poto. Anthu atatu, wachinayi ali m'mimba. Thayala lakumbuyo linachita kukhala pansi, ndinaliona ndithu, koma nthawi yopopa inalipo? Kunja kunali nkhungu, chisanu cholowa m'mafupa, mwera ukuwomba kuchokera komwe tinkapitako.

Mtsetse woyamba tinatsika bwinobwino mpaka ndinayamba kudzitama mumtima kuti aone lero ntchito ya mfiti. Titalowa mumchenga wa kudambo njinga inayamba kubuula, kagetsi kachitatu n'kuzima, ndinati palibe kanthu, tatsala ndi tiwiri. Chitunda chaching'ono tinakwera ine ndikuthandizira ndi timapedulo tija. Kenako tinafika pa phiri lalikulu, lija loti a kabaza opalasa amatsitsa munthu n'kumayenda naye pansi, msewu wake wopapatiza, kumanja khoma la dothi, kumanzere chigwembe choti ukaponya mwala sumva pomwe wagwera. Ndinapotokola chogwirira mpaka kumapeto, tinakwera, tinakwera, mota ikulira kamawu kachilendo, kenako pakati penipeni pa phiri inangoti zii. Timagetsi tonse tinazima nthawi imodzi ngati munthu wauzira nyali.

Abale anga, njinga ija inaima kamphindi, kenako inayamba kubwerera chambuyo. Ndinafinya mabuleki onse awiri mpaka zala kuwawa, koma mabuleki amene aja sanawapangire anthu atatu ndi mabatire anayi pa phiri lonyowa ndi nkhungu, inkangotsetsereka, mkazi wanga akukuwa dzina la Yesu, ine ndaponda pansi miyendo yonse, silipasi imodzi inaduka, zala zikukhula miyala, ndipo ndikacheuka ndikuona thayala lakumbuyo likulunjika kuchigwembe kuja. Sindidziwa mphamvu ndinazitenga kuti, ndinakhotetsa handulo n'kuigwetsera dala kukhoma. Tinagwa tonse. Mayi ake anayesa kudziponya pansi kuti mwana agwere pa iwo, koma mwanayo anamenyetsa m'chiuno pa mwala, analira kamodzi kokha, kulira koti mpaka lero anthu akamapha mbuzi ine ndimachokapo. Beseni linagubuduka n'kukaima pa chitsamba, ufa uli mbwee mumsewu.

Tsono imvani izi. Nditaidzutsa njinga ija ndinazimitsa kiyi n'kuyatsanso, timagetsi titatu ngwee, ngati palibe chachitika. Ndinati Mulungu wamva. Tinamukweza mwana, tinakwera, ndinapotokola, inayenda mapazi mwina khumi, zii, yazimanso, mwayi ulendo uno ndinali nditaponda kale pansi. Tinadikira pang'ono, kuyatsa, titatu. Kupotokola, zii. Katatu konse. Ikaima ili ndi moto, ukaiuza kuti tiye yafa, chinthu chanji chimenecho? Mkazi wanga akuti bambo, ndi amalume awa, batire lija lagona ndi maliro, akukana kuti tichoke tisanawaike. Ine sindine munthu wa zimenezo, koma ndikuuzeni zoona, paphiri paja, nkhungu itatizinga, popanda munthu ngakhale mbalame, kutsidya kwa chigwa kukumveka nyimbo ya pamaliro paja ikubwera ndi mphepo, timagetsi tija tikundiyang'ana ngati maso, ndinakhulupirira. Ndinafika polankhula nawo malemuwo mokweza, ndinati amalume, ngati ndinakulakwirani tengani ine, mwanayu musiyeni adutse.

Ndinauza mayi ake kuti atsike aziyenda pansi kuti njinga ipepukidwe, inayenda pang'ono kuposa poyamba, n'kufanso. Ndinayesa kupalasa, timapedulo tija n'tokongoletsera chabe. Ndinayesa kukankha mwana ali pompo, koma njinga ya batire ikafa ndi mtembo, njinga yanga yakale yopalasa ija ndikanaikankha ndi dzanja limodzi, ndipo ndinali nditaigulitsa. Ndiye ndinaigwetsera m'mbali mwa msewu, ndinagwada, mayi ake anandiberekesa mwana wanga chammbali chifukwa cha mimba n'kutimanga ndi zitenje ziwiri. Ine amene sindinamuberekepo ali khanda, poti amati si ntchito ya amuna, ndinamubereka tsiku limenelo, phazi limodzi lili ndi silipasi, linalo lopanda.

Kunkazizira, koma kumiyendo kwanga ndinkamva kutentha kukutsika, ndipo ndinkadziwa kuti si thukuta. Iye ankandilankhula kukhutu, akuti ababa musathamange mugwa, akuti ababa pepani ndakudetserani malaya a kumaliro, tangoganizani, iye kupepesa ine. Chapamwamba anati ababa, mwanayu wasiya kugunda. Ndinamuuza kuti wagona chabe, ndi waulesi ngati bambo ake. Anayesa kuseka. Kenako anati akumva kuzizira, kenako anasiya kuyankha, mutu wake unkangogunda paphewa langa ndikaponda. Ndinkamuitana, ndinkamukalipira kuti ayankhe, ndinamukumbutsa tsiku lomwe anadya shuga yense wa alendo ali wamng'ono, chilichonse chomwe chinabwera m'mutu, mayi ake akubwera pambuyo ndi beseni lopanda kanthu akulira chamumtima, chifukwa kulira mokweza kukanakhala kuvomereza.

Tinatulukira pa msewu waukulu nkhungu itachoka, dzuwa lili pamutu. Galimoto ziwiri zinatidutsa, mwina anaona magazi n'kuopa, kaya, ine ndinazitukwana zonse ziwiri ndipo sindinalape. Yachitatu inali kalole ka bambo wina wachisilamu, wachikulire, amene ali ndi sitolo ya masola ndi mabatire pamsika wa kufupi ndi kwathu, ankachokera kokaoda katundu. Sanafunse kuti ndinu ndani, anangotsika, anavula jekete lake n'kumufunditsa mwanayo, anatsitsa makatoni ake n'kuwasiya m'mbali mwa msewu kuti mwanayo agone bwino, akuti kwerani bambo, zina tikamba kutsogolo.

Kuchipatala sindinganeneko choipa, anamwino anathamanga, anamulowetsa nthawi yomweyo, anamuika magazi. Ine ndinatsala panja pa khonde, buluku litauma gwa ndi magazi a mwana wanga, anthu akundilambalala. Mwana wanga anamupulumutsa. Mdzukulu wanga anatuluka atafa kale, anali wamwamuna, ndipo kuti magazi asiye anachita kuchotsa chiberekero chonse. Ndinafunsa namwino wina wachikulire kuti mayi, tikanafika m'mawa, osagwa paphiri paja, zikanatheka? Anangondigwira paphewa n'kumapita. Ndipo nthawi imene tinafika ndi yomwe ija ngolo ikanafika, mwana atagona pa matiresi, osagwetsedwa ndi bambo ake.

Mwana wotero kuno amati mtayo, amakaika amayi okhaokha mwakachetechete, amuna sitipitako, salira, palibe kwaya, palibe sipika. Batire silinafunike.

Mukuganiza kuti pamudzi anabwera kudzapepesa? Choyamba chimene ndinamva n'chakuti mkamwini sanaponye nawo dothi pamanda a amalume. Kenako mlamu uja, yemwe uja, anayamba kuuza anthu kuti vuto ndi ine, akuti munthu wanzeru angakweze bwanji mayi wapakati pa chinthu chomwe chagona pamaliro osayamba wachiwaza mankhwala, akuti mkamwiniyu mwambo sadziwa. Ena anawonjezera zawo, akuti njinga yosalira ija anaiona kale kuti si yabwino, akuti ndinakhwimira ndipo inafuna magazi, ndapereka mdzukulu. Anthu omwe aja anatchajira mafoni awo pa batire langa! Ine kupereka mdzukulu wanga chifukwa cha njinga? Ndipo choopsa n'chakuti masabata awiri athunthu ndinkayenda ndikudzifunsa ngati mwina za malemuzo n'zoona, poti ndinaziona ndi maso anga, timagetsi tikuyaka n'kuzima ngati pali munthu akuseweretsa.

Anandimasula ndi bambo wa sitolo uja. Anakaitenga yekha njinga paphiri paja n'kuisunga kwake, ndipo nditapita kukathokoza anandikhazika pa benchi, anatulutsa kamita kake ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, n'kuyeza batire lililonse palokha ine ndikuona. Atatu anali bwino, kupitirira 12. Lachinayi lija linali pansi, ndipo atandiuza kuti ndikhalepo ndipotokole thayala lakutsogolo litagunda khoma, nambala yake inagwa ngati mwala, njinga zii, ngati paphiri paja. Akuti bambo, mabatire anayiwa si ndowa zinayi zoti imodzi ikatha mutunga inayo, akuti moto umadutsa mwa onse motsatana, ali ngati anthu anayi onyamula bokosi, mmodzi akagwada bokosi lonse lapendama, atatu enawo kaya ndi amphamvu bwanji. Akuti muli kabokosi mkatimu kamene kamayang'anira mavoluti, akatsika kwambiri kamadula moto kuti mabatire asawonongeke, ndipo batire lotopa likapuma limadzuka pang'ono, n'chifukwa chake timagetsi tinkayaka njinga ikaima, koma phiri likangopempha mphamvu, lagwadanso. Akuti timagetsi timeneti timanena zoona njinga ikamakwera ndi katundu, ikaima pabwalo timanama. Anawonjezera kuti ngakhale onse anayi akanakhala odzadza, ndi anthu atatu, mchenga, chisanu, mphepo yakumaso ndi thayala lophwa, mukanafika pamwamba movutikira, koma mwina mukanafika. Ndinamufunsa kuti ndiye amalume aja sanatigwire? Iye akuti za mizimu ya kwanu ine sindidziwa bambo, ine ndikudziwa zomwe kamitaka kakunena. Ndinakhala pa benchi paja ndinalira pamaso pa makasitomala ake, chifukwa ukanakhala mzimu bwenzi zili bwino, mzimu sukanakhala ine.

Ndinapitanso pa Mponela kwa wa jekete lonyezimira uja kuti ndikamuuze zimene njinga yake inachita, ndinamupeza akukwera ina pa tala pomwe paja kuonetsa munthu wina. Anandimvetsera theka, kenako akuti pepani achimwene, koma inunso kumapiri mukanagula ya mavoluti 60, ilipo yatsopano, tikambirane. Anthu anachita kundigwira.

Mkamwini wanga wa ku Joni atamva kuti mkazi wake sadzaberekanso, foni yake inayamba kuvuta netiweki, mapeto ake tinamva kuti anakwatira wina konko. Mwana wanga ali pakhomo pano. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo bola akanandinena. M'mawa uliwonse amandiikira madzi osamba m'beseni lomwe lija, lophwanyika m'mbali, lomwe tinagula kuti azisambitsiramo mwana, amagwada, akuti ababa madzi, ndipo ine ndimasamba, nanga nditani?

Chaka chatha kunagwanso maliro, ndipo mlamu uja, wopanda manyazi, anabwera akuti alamu, mabatire aja akungokhala. Ndinamutengera kuseri kwa nkhokwe, ndinathamangitsa nkhuku, ndinamuuza kuti nyamulani onse anayi mukawaike m'manda momwemo pamodzi ndi malemuwo, ndipo mukadzabweranso pakhomo pano ndi nkhani ya batire, maliro otsatira masipika adzaimbira inu. Akuti ndine wamwano. Eya, ndine wamwano, kungoti ndinachedwa nawo mwanowo, ndikanauchita madzulo aja ndili ndi nkhwangwa m'manja, bwenzi pano ndili ndi mdzukulu wondilanda cholembera.

Lero ine ndimakhulupirira kuti akufa sagwira njinga. Chimene chinatigwira paphiri paja ndi pakamwa pa munthu woyesera njinga pa tala, manyazi a pamaliro, ndi mutu wanga uno womwe unawerenga kuti atatu mwa anayi akwanira. Njingazi zikuchuluka, ndimaona anthu akuzisisita pamsika, ogulitsa akutchula mavoluti ngati akuwerenga mavesi, akuti yochuluka mavoluti ndiye yothamanga. Kuthamanga ithamangadi, koma mabuleki ndi omwewo ndipo phiri ndi lomwelo, afunseni kuti m'mapiri mwathu muno, mu Juni, mutanyamula anthu awiri, ikafika pati, muone ngati sayamba kuyang'ana kumbali. Ulendo umene akuuzaniwo muudule pakati, mukanyamula wodwala muudulenso. Batire musachotsepo limodzi, kaya wamwalira ndani, kaya akusekani pagulu, asekeni nanunso. Timagetsi musatifunse njinga itaima, ikwezeni kaye chitunda chapafupi maso ali pa handulo, timagetsito tikazima msanga mangani ng'ombe, ngolo ndi yochedwa koma sibwerera chambuyo. Ndipo mkazi wanu akadzakufunsani kuti kodi ili ndi moto, musadzamukalipire. Wanga anafunsa kamodzi kokha, sanabwerezenso mpaka lero, koma ine funsolo ndimalimva m'mawa uliwonse, beseni lija likangogunda pansi.